Ndinayankha Kuti Zatheka

Laputopu ija inachokera ku Joni. Achimwene anaitumiza pa basi atayikulunga m'bulangete limodzi ndi nsapato za amayi, ndipo inafika ili ndi mng'alu pakona. Ine mng'aluwo sindinauwerengere. Ndinali mphunzitsi woyamba pasukulu yathu kuno ku Biriwiri kukhala ndi kompyuta yakeyake, moti ndinkayenda nayo m'chikwama ngakhale tsiku limene ndinalibe nayo ntchito, kungofuna kuti anthu aone.

Munali zinthu zambiri m'menemo, mayeso a ana, masikimu ophunzitsira, zithunzi za ukwati wa mng'ono wanga. Koma chamtengo wapatali chinali foda imodzi imene ndinaitcha dzina la abambo. Chaka chawo chomaliza, atasiya kupita kudimba chifukwa cha chifuwa chimene anabwera nacho kumigodi, ndinkakhala nawo pakhonde masana n'kumawajambula mawu pa foni. Ankanena za ulendo wawo woyamba wopita kumwera, za kapitawo wina amene ankayang'ana mano a anthu asanawalembe ntchito, za mmene anafunsirira amayi kuchigayo n'kukanidwa kawiri. Ankaimbanso nyimbo za ngoma, zija za mawu achingoni amene ngakhale eni akewo ankangodziwa theka la tanthauzo lake. Foni ikadzaza, ndinkasamutsira mawuwo mu laputopu n'kufufuta m'fonimo. Foniyo anandibera pamsika wa Manjawira patangotha miyezi iwiri chimwalirireni abambo. Kuyambira pamenepo mawu awo anatsala malo amodzi okha, m'chikwama changa chija.

Lamlungu lililonse amayi akatuluka m'tchalitchi sankapita kwawo kaye. Ankakhotera kumalayini a aphunzitsi, n'kukhala pamkeka m'nyumba mwanga, nsapato atavula.

"Tawayatsa abambo akowo," ankatero.

Ine n'kuyatsa. Sankalira ayi, ankakangana nawo. Abambo akamati anakanidwa kawiri, amayi ankawadula: "Bodza limenelo, kadali katatu." Akayamba nyimbo, amayi ankawatsatira chapansipansi uku akusenda kachewere wanga amene sindinawapemphe kuti asende. Ikatha ola ankavala nsapato n'kumapita, nkhope itamasuka.

Kenako laputopu inayamba kudwala. Mlandu umenewo ndi wa aphunzitsi anzanga, ndipo ndikunena poyera. Aliyense ankabwera ndi fulashi yake yoti yagona m'makompyuta a boma lonse la Ntcheu, n'kumati, "Madamu, tangondikoperani kasikimu kamodzi." Mavairasi analowa ngati anankafumbwe m'nkhokwe. Kuyatsa kokha kunkatenga nthawi yoti munthu n'kuphika tiyi, kumwa, n'kutsuka kapu. Lamlungu lina inaima pakati pa nyimbo, mawu a abambo akungobwereza kachidutswa kamodzimodzi osapitirira. Amayi anasiya mpeni.

"Akutani?"

"Ndi makinawa, amayi. Atopa."

"Ukawakonzetse msanga, mwanawe. Asatithawe kachiwiri."

Mphunzitsi wina wa masamu wa ku Kandeu, amene tinakumana naye pochonga mayeso, ndiye anandiuza za Linux. Anati ndi pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, yopangidwa ndi anthu ongodzipereka, yaulere, ndipo mavairasi athuwa sagwiramo. Ndinaseka, poti kwathu kuno chaulere ndi chimfine basi. Iye anangotenga foni yanga n'kundilowetsa m'gulu lina la anthu amene amathandizana pa zimenezi. Anati, "Ine ndimangodziwa pang'ono. Mukakafunse m'menemo, sadyera munthu ndalama."

Gululo linandinyansa tsiku loyamba lomwe. Ndinalemba moni wabwinobwino, kufunsa mmene adzukira onse ndi kunyumba komwe, kudzitchula kuti ndine mphunzitsi, kupepesa powasokoneza. Mayi wina anayankha mawu atatu okha: "Funso lanu n'chiyani?" Ndinatsala pang'ono kutulukamo. Anali ndi lamulo lawo limodzi limene ankalibwereza kwa aliyense: osanena kuti yakana, tumizani zimene yalemba. Munthu akati kompyuta yake yafa, iwo osapepesa n'komwe, ankangoti ajambule sikirini atumize. Ndinkaona ngati anthu amenewa analeredwa ndi makina.

Mmodzi yekha ndiye anali ndi umunthu umene ndinauzolowera. Sindinakumane naye maso ndi maso mpaka lero. Pachithunzi chake anavala chipewa chachikulu, ndiye mumtima ndinkangomutcha bambo wachipewa. Ameneyu anandipatsa moni, nafunsa za ana a sukulu, kenako nati andiyendetsa pang'onopang'ono mpaka titamaliza.

Kuti mumvetse kutopa kwake, netiweki pasukulu pathu imapezeka pachulu cha kuseri kwa bwalo la mpira. Ukapitirira pang'ono, foni imagwira ya ku Mozambiki n'kukudyera bandulo yonse usanaphethire. Magetsi a sola nawo ali mu ofesi ya aphunzitsi mokha. Ndiye ana akaweruka, ine ndinkayenda pakati pa ofesi ndi chulu, kulemba uku, kukawerenga yankho uko, mphepo ya mu Juni ikulowa mpaka m'mafupa. Kutsitsa pulogalamuyo pa intaneti n'kuiika pa fulashi kunanditengera masana atatu. Laputopu itayaka kuchokera pa fulashiyo, osakhudza zam'kati, ndinaona sikirini yoyera, yopepuka, yomvera. Ndinafuna kuiika tsiku lomwelo.

Bambo wachipewa anandiletsa. Analemba kuti, "Dikirani kaye, mayi. Tikaika yatsopanoyi, zonse zimene zili m'menemo zifufutika. Tisamutse kaye katundu wanu. Kodi muli chinthu chimene simungachipezenso kwina?"

Ndinamuuza za abambo. Anati ndiye tiyende mosamala kwambiri. Ndinagula fulashi ina pagolosale yoti tisungiremo zinthuzo.

Disiki yakaleyo inali itavulala, moti kungodina sikunkatsegula kanthu. Ndinayenera kulemba malamulo pa kawindo kakuda, chilembo ndi chilembo, monga iye ankanditumizira. Tsiku loyamba disiki inakana kutseguka, ndipo anandifotokozera kuti pulogalamu yakale sinazime bwino, ndiyambe ndaiyatsa n'kuizimitsa moyenera. Masana onse anathera pamenepo. Tsiku lachiwiri ndinasiya kampata kamodzi pakati pa mawu, ndipo tinafunafuna cholakwikacho maola awiri, iye n'kumangoti, "Palibe vuto, tiyesenso." Tsiku lachitatu anachedwa kuyankha. Dzuwa litapendeka ndi pamene analemba kuti, "Pepani mayi, ndili kuchipatala, mwana wanga amugoneka. Koma lembani izi, zikopera zonse."

Ndinalemba. Mayina a mafayilo anayamba kuthamanga pasikirini, ine mtima uli m'malo. Kenako anaima. Pansi penipeni panatuluka mizere itatu yonena kuti malo atha pa fulashi, ndipo zinthu zina sizinakopedwe.

Pano ndisadzikhululukire. Ndimaphunzitsa Chingerezi, mizere ija ndinaiwerenga ndipo ndinaimva. Ndinatsegula fulashiyo n'kuona mafoda ali ndandanda, ya abambo ili pomwepo ndi dzina lake. Sindinaitsegule. Ndinadziuza kuti zimene zatsalazo mwina ndi mafilimu a aphunzitsi anzanga, n'kunyamula foni kupita kuchulu.

Ndili mtsikana, bambo wina woyandikana nafe anatinyamulira matumba a kachewere pangolo yake ulere. Anakawatsitsa pamphambano yolakwika, kutali ndi pamene malole amaima. Nditatsegula pakamwa kuti ndinene, amayi ananditsina pantchafu. Anawomba m'manja, kuthokoza mpaka ngolo inazimiririka, kenako tinasenza matumbawo pamutu limodzilimodzi mpaka madzulo. Pobwerera anandiuza kuti munthu wokuthandiza suumuuza kuti thandizo lake laperewera, chifukwa ng'ombe zake zatopa kale chifukwa cha iwe. Umathokoza, chotsalacho n'kumaliza wekha. Ndinakula nazo zimenezo, ndipo pakati pa anthu zandisungira abale ambiri.

Nditafika pachulu ndinapeza uthenga wake ukundidikira. "Zatheka? Yalemba chiyani kumapeto?"

Ndinaganiza za munthu wakhala pabenchi ya chipatala, mwana ali pabedi, iye akulembera mayi wosamudziwa wa ku Biriwiri amene wamutayitsa kale masiku atatu. Manyazi anandigwira. Ndinalemba kuti, "Zatheka bambo, zikomo kwambiri. Mulungu akudalitseni, mwanayo achire."

"Tumizani chithunzi cha sikirini ndione."

"Bandulo yatsala pang'ono, chithunzi sichipita. Koma zonse zili bwino."

Bandulo inalipo yokwanira sabata yathunthu. Iye anandikhulupirira, poti ndine munthu wamkulu, mphunzitsi. Anandilembera njira yoikira pulogalamu yatsopano, nati akazimitsa foni chifukwa adokotala akubwera.

Mawa lake ndinaika. Makinawo anandifunsa momveka bwino ngati ndikufunadi kufufuta zonse za pa disiki, nachenjeza kuti sizidzabwereranso. Chala changa chinaima pang'ono pamwamba pa batani, kenako ndinadina. Sipanathe theka la ola, laputopu inayaka ngati yatsopano.

Mavuto ang'onoang'ono anatsala. Inkakana kulumikizana ndi intaneti popanda chingwe, ndipo masipika anali duu, osatulutsa mawu. Masabata awiri otsatira ndinali m'gulu muja tsiku ndi tsiku. Ndinaphunzira kutumiza zimene yalemba osayamba ndi moni wautali. Wina anandithandiza kupeza kapulogalamu kamene kankasowa kuti intaneti igwire, wina anandiuza kuti nditsitse zonse zatsopano, ine n'kumatsitsa, kudzaza disiki ndi zinthu. Ndinayamba kuwakonda anthu aja. Ndinaona kuti kuuma kwawoko sikunali mwano, ankangofuna kuona bala lenilenilo asanapereke mankhwala. Fulashi ija inali m'kabati. Ndinkadziuza kuti palibe chifukwa choitsegulira masipika asanayambe kugwira, koma zoona zake n'zakuti ndinkaiopa.

Amayi anabwera Malamlungu onse awiri. Ndinawauza kuti makina akuchira, angotsala pakhosi. Anasenda kachewere n'kumapita.

Za masipika anazithetsa ndi mayi uja wa mawu atatu. Anandiuza lamulo loti ndilembe, nditumize zotuluka, ndipo atangoona anati pali mzere umodzi woti ndiwonjezere mu fayilo ina yobisika. Linali Loweruka masana. Nditayatsanso, laputopu inalira kamawu kake koyamba, ndipo ndinavina ndekha mu ofesi ya aphunzitsi. Ndinathamangira kunyumba, kutenga fulashi, kubwerera, kuilowetsa. Mayeso analimo. Zithunzi za ukwati zinalimo, mafilimu a anzanga aja analimo onse osasowa ndi imodzi yomwe. Ndinatsegula foda ya abambo. Munalibe kanthu.

Ndinaitseka n'kuitsegulanso, mwina kakhumi. Ndinakhala pampando mpaka miyendo inachita dzanzi. Akuluakulu amati safunsa anadya phula, koma ine ndinafunsa masabata atatu, anthu n'kundiyankha bwinobwino, phulalo n'kudyabe.

Ndinapita kuchulu n'kulemba zonse m'gulu, popanda moni. Ndinanena za mizere itatu ija, za bodza la bandulo, za mafilimu amene anadzaza fulashi, za foda yopanda kanthu. Woyamba kuyankha anali mayi uja.

"Zimitsani laputopuyo pompano. Musalembemo chilichonse. Mwaigwiritsa ntchito masiku angati chiikireni?"

"Masabata awiri."

Mayiyo anafotokoza kuti chinthu chikafufutidwa chimakhalabe pa disiki mpaka china chitalembedwa pamwamba pake. Ndikananena tsiku lomwelo, mwina zambiri zikanapulumuka. Chilichonse chimene ndinatsitsa masabata awiri aja chinkagwera pamwamba pa mawu a abambo.

Bambo wachipewa analemba madzulo ake. "Mukanangondiuza, mayi. Tikanachotsa mafilimuwo n'kukoperanso, mphindi zisanu zokha. Koma ndalakwa ndine, ndikanaumirira chithunzi chija. Pepani kwambiri."

Kupepesa kwakeko kunandikwiyitsa kuposa kutukwana. Ndinkafuna wina andikalipire, andiuze kuti ndine chitsiru, kuti mtima utsike. M'malo mwake munthu amene ndinamunamiza ndiye ankasenza mlandu wanga. Ndinamufunsa za mwana. Anati anatuluka, akusewera. Ndinalira pachulu pomwepo, ana ozula udzu m'munda wapafupi akundiyang'ana.

Gulu silinanditaye. Anati pali pulogalamu imene imasesa disiki yonse kufunafuna zotsalira, koma iyenera kuyendera pa fulashi, ndipo zopezekazo zigwere pa disiki ina yaikulu. Mphunzitsi wa ku Kandeu uja anabweretsa yake pa njinga yamoto, osafunsa zambiri. Mayi uja ndiye anatsogolera ntchitoyi, ndipo sankalola kuti ndipite pa sitepe ina asanaone chithunzi. Ndinkatumiza chilichonse, ngakhale chooneka chopanda pake. Kusesako kunatenga masiku awiri, ine n'kumapemphera kuti mitambo isaphimbe sola.

Zinatuluka zambirimbiri, zonse zopanda mayina, manambala okhaokha. Ndinapatula za mawu n'kuyamba kumvetsera imodziimodzi ana akaweruka. Nyimbo za kwaya zimene anzanga anasiyamo zinatuluka zathunthu. Ulaliki wa mbusa wina amene sindimudziwa unatuluka wonse, ola lathunthu. Mafayilo ena aakulu, amene ndikukhulupirira kuti anali a abambo, ankangoti shiii, kapena kukana kutseguka. Ndinawatumiza kwa anthu awiri a m'gulumo amene anayesa njira zawo, onse n'kubwera ndi yankho limodzi, kuti m'kati mwake mwalowa zina.

Tsiku lachinayi ndinawapeza. Kafayilo kakang'ono, kosakwana mphindi imodzi. Mumamveka nkhuku chapatali, kenako abambo akufunsa, "Yayamba?" Ine n'kuyankha, "Yayamba, yambani." Akukoka mpweya kuti ayambe kulankhula, chifuwa n'kuwagwira. Amatsokomola, kupuma, kutsokomolanso, mpaka kafayiloko kutha. Ndikukumbuka tsiku lake. Ndinaimitsa kujambula kuti ndikawatungire madzi, ndipo ndinkafuna kukafufuta kameneka koma ndinaiwala.

Ndinauza gulu kuti ndapeza kamodzi. Mayi uja anati, "Kakopereni malo atatu lero lomwe." Patapita kanthawi anawonjezera kuti, "Pepani, mayi." Kuyambira sabata imeneyo anaika lamulo latsopano pamwamba pa gulu, lakuti wina asauzidwe kufufuta disiki asanatsegule zimene wasunga n'kuonetsa chithunzi. Sanatchule dzina langa. Laputopu nayo mpaka lero imayaka msanga, ndipo sinadwalenso.

Lamlungu amayi anabwera monga mwa masiku onse. Anavula nsapato, anakhala pamkeka, anayang'ana uku ndi uku kufuna dengu la kachewere. Ndinali nditalibisa, sindikudziwa chifukwa chake. Ndinagwada pafupi nawo.

"Amayi, mawu aja apita."

"Apita kuti?"

"Afufutika. Ndawafufuta ndine. Anthu anandithandiza bwino, koma ine ndinawanamiza kuti ndasunga pamene ndisanasunge."

"Onse? Ndi nyimbo zomwe?"

"Ndi nyimbo zomwe. Katsala kamodzi, kakafupi. Koma si kabwino."

"Tayatsa."

Ndinayatsa. Masipika anali kugwira bwino kwambiri, mawu ankamveka ngati munthuyo ali m'chipinda momwemo. Abambo atafunsa kuti yayamba, amayi anaweramira kutsogolo, milomo itatseguka pang'ono, kukonzekera kuwayankha. Kenako chifuwa chinayamba. Anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pamiyendo. Kafayiloko katatha kanayambiranso kokha, abambo n'kufunsanso kuti yayamba.

"Zimitsa," anatero amayi.

Ndinazimitsa.

"Chifuwa chimenechi ndagona nacho zaka khumi ndi ziwiri. Ndachiwiritsira madzi, ndachichapira nsanza. Ndimachidziwa, sichofunika makina kuti andikumbutse. Ine kuno ndimabwerera munthuyo."

Sanandikalipire. Anafunsa ngati ana anga ali ndi majuzi okwanira, poti chaka chino kukuzizira. Anavala nsapato, ndinawaperekeza mpaka pamsewu.

Lamlungu lotsatira ndinayala mkeka m'mawa, ndinaika dengu la kachewere ndi mpeni pambali pake. Tchalitchi chitaweruka ndinaima pawindo. Ndinawaona akubwera ndi amayi anzawo, buku la nyimbo lili m'manja. Atafika panjira yokhotera kumalayini anachepetsa liwiro pang'ono, kenako anapitirira kwawo.